Namakiyi ndi Ana Ake a Kukhoti

Mwana wa mlongo wanga anabadwa atafumbata kiyi m'manja. Amayi ake amakana mpaka lero, koma munthu amene wangobereka kumene saona bwino, ndiye mawu oti muwatenge ndi anga. Ali ndi zaka zisanu anatsegula sutikesi yanga ndi kapini ka m'tsitsi n'kudya maswiti onse amene ndinasungira mayi wina amene ndinkamufunsira. Ukwati umenewo unathera m'mimba mwa mwanayu. Ndinamukhululukira, koma ndimamukumbutsa Lolemba lililonse kuti chikhululukocho chisazizire.

Lero ndi ntchembere ya ana awiri, ndipo msewu wonse umamutchula kuti Namakiyi. Dzina la pa chiphaso ngakhale mwamuna wake, munthu wofatsa ngati pilo, analiiwala kalekale. Ali ndi kashopu kodula makiyi ndi kukonza maloko, kopanikizika pakati pa telala ndi bambo womata matayala, mumsewu wotsikira kokwerera mabasi. Kashopuko n'kakang'ono moti ukafuna kuyetsemula umayamba watuluka panja. M'katimo muli makina odulira makiyi, amene kulira kwake ndi kwa udzudzu waukulu ngati mbuzi, thabwa la misomali popachika makiyi osadula, chidebe cha maloko akufa, ndi kabati mmene foni yake imagona tsiku lonse, chifukwa akuti foni m'thumba imamusokoneza pomvetsera loko. Ine malo anga ndi pakhonde, pa kampando kamene kamagona m'shopu momwemo. Chipumireni pa ntchito ndine woyang'anira wamkulu wa kampaniyi, ngakhale palibe anandisankha ndipo palibe amandimvera.

Lamulo lalikulu la pashopupo ndi lakuti munthu wotsekeredwa sadikira. Kaya ukudya, kaya kasitomala wa makiyi khumi waima pakhomo, wina akabwera kuti mwana wadzitsekera m'bafa, umanyamula bokosi la zida n'kuthamanga. Koma usanathamange umalemba ndi choko pachitseko kumene wapita. Chitsekocho anachipaka dala utoto wakuda ngati bolodi ya kusukulu, ndipo choko chimakhala pamwamba pake.

Lamulo limeneli lili ndi kumene linachokera, ndipo apa ndisiye kaye nthabwala. Namakiyi ali ndi mlongo wake wamng'ono. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, mnyamatayo anaba nkhuku imodzi ndi anzake, anzakewo n'kuthawa, iye n'kugwidwa. Anamutumiza kundende ya ana zaka ziwiri. Anapita akudziwa kuba nkhuku, anabwerako akudziwa kuba khola, mpanda ndi galu wolondera yemwe. Izo tinkaseka. Chimene sitinkaseka n'chakuti mwana amene ankaimba posamba anabwerako wosayankhula, akudya atafungatira mbale, ndipo chitseko chikamenyetseka ankadzidzimuka n'kuimirira. Lero amayendetsa lole, ali ndi banja lake, koma kuchipinda kwake kulibe chitseko. Anachizula tsiku limene analowa m'nyumbamo.

Ndiye Namakiyi atamva kuti khoti la ana likufuna amisiri oti azitenga ana olakwa n'kumawaphunzitsa ntchito m'malo mowatsekera, anatseka shopu dzuwa lili paliwombo n'kukalembetsa. Kumeneko anali atalemba kale akalipentala, atelala ndi owotcherera zitsulo. Atanena kuti iye ntchito yake ndi maloko, mlembi anaseka mpaka magalasi kugwera mu tiyi.

"Mayi, ana ambiri amene tili nawo kuno mlandu wawo ndi wothyola maloko omwewo."

"Ndi omwewo ndikufuna," anatero Namakiyi. "Theka la ntchito alidziwa kale. Chatsala n'kuwaphunzitsa kutseka."

Pa zaka khumi ndi chimodzi padutsa ana asanu ndi anayi. Sindikunamizani kuti onse anasanduka angelo. Wachiwiri anathawa ndi nyundo komanso nsapato zanga, zimene ndinavula kuti zala zipume. Wachisanu anabwereranso m'manja mwa apolisi, ndipo Namakiyi analira sabata yathunthu. Koma enawo ali pa ntchito, ndipo mmodzi anatsegula shopu yake ya makiyi kuseri kwa msika, akutilanda makasitomala mopanda manyazi, Namakiyi n'kumanyadira ngati wapata mphoto.

Chimene chimazunguza anthu mutu ndi ichi. Mwana akatha sabata imodzi, Namakiyi amamupatsa kiyi wa shopu ndi kiyi wosadula, n'kumuuza kuti adule wake. Kiyi wodulayo akatsegula ndiye kuti ndi wake, ndipo kuyambira m'mawa mwake mwanayo ndi amene amatsegula shopu, yekha, mwini wake asanafike. Ine malume ake enieni, amene ndinamunyamula ali khanda n'kundikodzera malaya a kutchalitchi, zaka zonsezi kiyi sanandipatse. Akuti ndingataye.

Bambo amene khoti limawatuma kudzayendera anawa sagwirizana nazo. Timawatchula kuti a Chikwama, chifukwa chikwama chawo cha mapepala ndi chimene chimayamba kufika, eni ake n'kumabwera pambuyo. Ndi munthu wabwino, koma amakhulupirira pepala kuposa maso awo. Mvula ikayamba kugwa amayamba aona pa kalendala asanatsegule ambulera.

"Mayi, uku ndi kusungitsa fisi mbuzi," amatero ulendo uliwonse.

"Nanga fisi mukamutsekera zaka ziwiri amatuluka ali nkhosa?" amayankha Namakiyi. "Mwana amene aliyense amamubisira kiyi amadziwa kuti ndi wakuba. Ine ndikufuna adziwe china."

Wachisanu ndi chinayi ndiye Kawaya, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, woonda moti akaima chammbali umayamba kumufunafuna. Amayi ake amagulitsa zovala m'mbali mwa msewu, ndipo tsiku lina olondera mzinda anawalanda katundu yense n'kukamutsekera m'nyumba yosungiramo zolanda. Mtsikanayu anapitako masana alonda akudya, n'kutsegula loko wamkulu ngati mutu wa mwana ndi kawaya ka sipoko ya njinga. Anatenga mtolo wa amayi ake. Akanalekera pomwepo mwina anthu akanamumvera chisoni, koma anatenganso nsapato zofiira za mayi wina wogulitsa nsapato, ndipo anamugwira atazivala. Anakhala masiku atatu m'chitolokosi cha apolisi. Woweruza anagamula chonchi: miyezi isanu ndi umodzi kwa Namakiyi, m'mawa ntchito, masana sukulu. Lipoti la a Chikwama likakhala labwino, mlandu watha. Koma akangopezekanso m'manja mwa apolisi, ndende ya ana zaka ziwiri.

Tsiku loyamba anafika atakwinya nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo. Namakiyi anamukhuthulira chidebe cha maloko akufa patsogolo.

"Tsegula."

Anatsegula asanu ndi awiri ine ndisanamalize kusenda nthochi.

"Chabwino. Tsopano uwamasule, uwakonze, azitsekanso."

"Kutseka ndiye sindidziwa."

"Ndiye wafika pamalo pake. Amalume, pindani miyendo mwana adutse."

Ine ndi Kawaya tinayamba ndi nkhondo. Ankanditchula kuti Agogo Wailesi, akuti ndimayankhula popanda woyatsa. Ine ndinkamuuza kuti aziyenda ndi miyala m'thumba, apo ayi mphepo idzamutenga tidzakamutole padenga la basi. Koma manja anali nawo. Pofika mwezi wachitatu ankamvetsera loko ngati namwino akumvetsera chifuwa cha wodwala. Nsapato zofiira zija anakabweza yekha kwa mwini wake. Namakiyi anamuperekeza koma anaima patali, ndipo mwanayo atatha kupepesa anawakonzeranso mayiwo loko wa bokosi lawo. Kiyi wake wa shopu anamumangirira pa chingwe cha nsapato m'khosi, ndipo amayi ake anandiuza kuti ngakhale posamba savula.

Tsiku lomaliza la miyezi isanu ndi umodzi linali Lachinayi. A Chikwama anati afika eyiti koloko kudzalemba lipoti. Namakiyi anadzera kusitolo ya zitsulo kukagula makiyi osadula. Ine ndinavala jekete yanga yakuda ya maukwati ndi maliro, kuti boma lione kuti kampani ili ndi akuluakulu.

Ndikufika, shopu yotseka. Ndisanayang'ane n'komwe pachitseko, mkazi wa telala anandithamangira kuchokera kumbuyo, tepi ili m'khosi.

"Amalume, mwamva? Kawaya amutenga apolisi!"

Ndinatembenuka n'kutsamira chitseko ndi msana kuti ndisagwe.

"Apolisi angati?"

"Awiri, pa galimoto. Wakwera kumbuyo."

"Akulira?"

"Sindinaone, ndimatsegula mawindo."

Apa ndivomere tchimo langa. Nkhani ikalowa m'khutu mwanga imatuluka pakamwa itanenepa. Ndi chibadwa, ngakhale kuchipatala analephera. Womata matayala atabwera kudzafunsa, apolisi anali anayi. Wogulitsa nyuzipepala atafika, anali asanu ndi atatu ndi galu. Pamene chikwama chija chinkakhota pakona, ine ndinali pakati pa gulu, msana uli pachitseko, ndikufotokoza za magalimoto atatu, unyolo m'manja ndi m'miyendo, ndi mwana akukuwa kuitana agogo ake okondedwa.

A Chikwama anamvetsera zonse mpaka kumapeto. Kenako anakhala pa tayala, natsegula chikwama, natulutsa pepala ndi cholembera.

"Bwana, mwina galu panalibe," ndinatero.

"Galu alibe ntchito, bambo. Chigamulo chikuti akangopezekanso m'manja mwa apolisi. Mboni ndi inu nomwe." Anapukusa mutu mwachisoni. "Tsiku lomaliza lenileni. Ndinanena ine za kiyi uja."

Namakiyi anafika ndi kathumba ka makiyi. Nkhani anaimva kwa mkazi wa telala, osati kwa ine, chifukwa amandidziwa. Anandikankhira pambali n'kuyang'ana pachitseko. Panalibe mawu. Anatsegula. Pansi posesa bwinobwino, makina ali pamalo pake, makiyi onse ali pa misomali. Bokosi la zida lokha palibe.

"Wathawitsa zida," ananong'ona wina m'gulumo.

"Wakuba amayamba wasesa?" anatero Namakiyi. "Wakuba amatseka ndi kiyi pochoka? Bambo, cholemberacho chitsekeni kaye. Simunaone kanthu, mwangomvera wailesi. Tiyeni tikaone ndi maso, mukalembere komweko."

"Mayi, pachitseko sanalembe. Ndi lamulo lanu lomwe."

Apo ndinaona kuti Namakiyi nayenso mantha amugwira, ngati tsiku limene apolisi anatenga mlongo wake. Koma anangoti, "Tiyeni."

Tinayenda atatu, iye patsogolo, a Chikwama pakati, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Kupolisi si kutali, koma tsiku limenelo winawake anawonjezera msewu ndi makilomita makumi atatu.

Pa kauntala panalibe munthu. Phokoso lonse linali kumbuyo, m'kanjira kopita kuchitolokosi. Apolisi asanu anaunjikana pamenepo, wina atanyamula tochi, wina chinyundo chachikulu. Pakati pawo, atagwada pa simenti, bokosi la zida lili pambali, panali Kawaya, diso lili pa bowo la loko. Ndipo kuseri kwa chitseko chachitsulo, nkhope ili pa kawindo, kunali mkulu wa apolisi onse a pamalopo, thukuta lili kamukamu.

Chinachitika n'chakuti bwanayo analowa m'mawa kukawerenga anthu opita kukhoti, mnzake anatseka pambuyo pake monga mwa lamulo, ndipo potsegula kiyi anathyokera m'kati. Kiyi winayo anapita ndi wapolisi amene anali kutchuthi. Apolisi awiri anathamangira kwa Namakiyi, n'kupeza mtsikana akusesa.

"Mwana iwe, fulumira," ankatero bwanayo. "Muno mulibe mpweya."

"Ndikudziwa, bwana," anayankha Kawaya osadzutsa mutu. "Mukaima pakona ya kumanzere pamalowa kamphepo. Ine ndinkaima pamenepo."



Namakiyi anagwada pambali pake. Sanamulande chida. "Wafika pati?"

"Chidutswa chikuoneka, Anti, koma chikukana kutuluka. Ndikanakuimbirani, koma foni yanu ili m'kabati."

"Sunaope kukwera galimoto ija?"

"Ndinaopa kwambiri. Koma munati wotsekeredwa sadikira. Ndiponso muli kamnyamata umu, kakulira chifikireni ine."

"Puma kaye, loko sathawa. Tsopano lowetsa kawaya kako cham'mwamba, ukoke ngati ukuzula munga."

Anakoka. Kachidutswa kanagwera pa simenti. Analumikiza zidutswa ziwirizo pa bondo, natenga kiyi wosadula ndi tupa, n'kuyamba kupala ndi manja. Akuti zinatenga mphindi khumi, koma ine ndinakalamba ndi zaka ziwiri ndipo imvi zitatu zatsopano ndingakuonetseni. Analowetsa kiyi, napotoza. Loko analira kamodzi n'kugonja.

Bwanayo anatuluka ngati wobadwa kachiwiri, n'kumugwira Kawaya chanza ndi manja onse awiri. Pambuyo pake tinaona amuna akuluakulu asanu ndi mmodzi, ndipo pakona ya kumanzere panali kamnyamata ka zaka khumi ndi zitatu, katakumbatira mawondo. Nkhope ya a Chikwama inasintha.

"Mwana uyu akutani muno pamodzi ndi akuluakulu?"

Bwanayo anayamba kufotokoza za kuchepa kwa zipinda, koma a Chikwama anali atatsegula kale chikwama, ndipo tsiku limenelo m'pamene ndinayamba kuchikonda chikwama chimenecho. Kamnyamatako anakatulutsa n'kukakhazika pa mpando wa pa kauntala. Kenako anatembenukira kwa Kawaya.

"Ntchito ndaiona ndi maso anga, ndipo apolisi sanakugwire, anakupempha. Izo ndilemba. Koma mwana amene ali m'manja mwa khoti sachoka pa ntchito osauza munthu. Pachitseko sunalembe. Pamenepo ndilembe chiyani?"

"Ndinalemba! Zilembo zikuluzikulu: ndapita kupolisi, loko wa chitolokosi wafa." Misozi inalengeza. "Anti, ndikulumbira, ndinalemba."

Ine ndinaona kuti mtima wanga sungapirire misozi ya mwana, ndiye ndinati nditulukeko ndikapume mpweya. Nditangotembenuka, wapolisi wa tochi uja anati, "Madala, taimani kaye. Kumsana kwanuku mwalemba chiyani?"

Anandivula jekete anthu atatu ngati akusosola nkhuku. Pa nsalu yakuda ija panali choko mbuu, zilembo zotembenuka, koma mawu akuti POLISI akanawerenga ngakhale munthu wosapita kusukulu. Uthenga wonse wa mwana ndinaufufuta ndi msana, n'kuunyamula kuchokera kushopu mpaka kupolisi, ndikufunsa anthu m'njira kuti kodi mwanayu bwanji sanalembe.

Kuseka kumene kunali pamenepo! Ngakhale am'chitolokosi, anthu a milandu yawo, anagwira nthiti. A Chikwama anayala jekete pa kauntala, naiwerenga kawiri kuyambira kumanja, kenako nalemba. Anafuna kuitenga ikakhale umboni kukhoti, koma ndinakana chifukwa Loweruka kunali ukwati. Namakiyi yekha sanaseke. Anandiyang'ana kamodzi, ndipo loko aliyense amene anali m'thupi mwanga anatsekeka.

"Amalume, pakamwa panu ndi msana wanu zikanamutumiza mwanayu zaka ziwiri."

"Ndalakwa, mayi," ndinatero. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kunena nkhani osaiwonjezera.

Lipoti linapita, ndipo sabata yotsatira woweruza anatseka mlandu. Kamnyamata kaja, kamene kanaba pampu ya njinga, khoti linakapereka kwa neba wathu womata matayala, amene anakalembetsa yekha ataona za Kawaya. A Chikwama za fisi ndi mbuzi anasiya kutchula, ngakhale akuti akuganizabe.

Tsiku limene pepala la khoti linafika, Kawaya anavula chingwe m'khosi n'kuika kiyi pa tebulo.

"Nthawi yatha, Anti."

"Yatha ndi ya khoti. Kiyi unadula wekha, ndi wako. Mawa usachedwe, akubweretsa maloko makumi awiri a kusukulu."

Ine ndinaona kuti mitima yafewa, ndiye ndinakhosomola. "Nanga malume ako, mwana wa mlongo wanga? Zaka khumi ndi chimodzi ndili pakhonde ngati mphaka wa eni."

Namakiyi anayang'ana Kawaya, Kawaya anayang'ana Namakiyi. Mtsikanayo anapita kukabati, nabwera atafumbata kanthu, n'kundipatsa ndi manja awiri, atapinda bondo mwaulemu wonse. Ndinafumbatula. Kanali kansanza kofufutira choko.

"Ntchitoyi mumaidziwa kale, Agogo Wailesi," anatero. "Koma muzidikira kaye anthu awerenge."